Sitiroko kwa mwana wa pulayimale? Za matenda a moyamoya ndi chomwe chimawayambitsa

Kuno ku Mzuzu munthu ukangotchula sitiroko aliyense amaganiza za agogo a BP kapena bambo wa shuga amene wagwa mwadzidzidzi, kukamwa kwakhota, dzanja silikugwiranso. Nde ikamveka nkhani yoti mwana wa Sitandade 2 wafa ziwalo mbali imodzi ambiri amangoti ayi izi sizachipatala, alipo munthu wagwirapo. Koma ana amadwaladi sitiroko, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi matenda osowa kwambiri otchedwa moyamoya. Makolo amene alimva dzinali, kaya kwa dokotala kaya pa Google, mafunso awo amakhala omwewo: zayamba bwanji, tinalakwitsa pati, nza kumtundu kwa bambo kapena kwa mayi? Yankho lake silimodzi, ndipo zambiri zomwe mungawerenge pa intaneti zinalembedwa poganizira odwala a ku Japan ndi ku Korea pomwe nkhani ya ife kuno imayenda mosiyanako ndithu. Tiyeni tiiyale pang'onopang'ono.

Magazi amafika bwanji ku ubongo

Ubongo ndi kanthu kochepa, pafupifupi 2 peresenti ya kulemera kwa thupi lonse, koma umagwiritsa ntchito pafupifupi 20 peresenti ya okosijeni yemwe thupi limafuna, ndipo susunga wa mawa. Magazi akasiya kufika pamalo ena kwa mphindi zochepa chabe maselo a pamenepo amayamba kufa, sitiroko ndi imeneyo. Mtundu wina wa sitiroko ndi pamene mtsempha waphulika magazi nkukhuthukira mu ubongo.

Mitsempha ikuluikulu yokwezera magazi kumutu ilipo inayi. Iwiri imadutsa kutsogolo kwa khosi, ikani zala pambali pa kholingo muimva ikugunda, imeneyo amaitcha carotid. Iwiri inayo imakwera chakumbuyo kudzera m'mafupa a khosi. Pansi pa ubongo yonse imalumikizana nkupanga kabwalo komwe dokotala wa ku England Thomas Willis anakafotokoza mu 1664, mpaka lero kamadziwika ndi dzina lake.

Ganizirani misewu yolowa mu tauni yathu ino, wochokera ku Lilongwe kudzera ku Chikangawa, wochokera ku Karonga kudzera ku Ekwendeni, ndi wa ku Nkhata Bay, yonse imakumana mkati muno nde umodzi ukavuta galimoto imatha kuzungulira. Tsopano tiyerekeze kuti msewu waukulu ukuchepa mwezi ndi mwezi mpaka lole singadutsenso. Katundu sasiya kufunika, nde a kabaza amayamba kulambula tinjira ta m'makwalala, kuseri kwa nyumba za anthu, kudumpha ngalande. Katundu wina amafikadi koma ochepa, ndipo tinjira timeneto sitinapangidwire katundu wolemera. Moyamoya ndi zimenezo zikuchitika mkati mwa mutu.

Chimene chimachitika mu mtsempha weniweniwo

Malo ake ndi amodzi pafupifupi nthawi zonse, kumapeto kwa carotid wa mkati pomwe akulowa pa kabwalo kaja nkugawika kupanga nthambi zodyetsa kutsogolo ndi m'mbali mwa ubongo. Kawirikawiri zimagwira mbali zonse ziwiri, kumanja ndi kumanzere, ngakhale kuti zimatha kuyamba mbali imodzi.

Apa pali chinthu chofunika kumvetsa chifukwa anthu amasokoneza. Sitiroko ya achikulire nthawi zambiri imabwera chifukwa mafuta aunjikana m'khoma la mtsempha, BP, shuga ndi fodya nkumathandizira. Mu moyamoya simafuta ayi. Maselo a khoma la mtsempha womwewo amachulukana chamkati mpaka njira ya magazi nkuchepa, ndipo mtsempha wonsewo umanyala, umaonda ndi kunja komwe. Nde kunena kuti mwanayu mumamudyetsa tchipisi kwambiri kapena mafuta achuluka mu ndiwo, sizikugwirizana ndi matendawa.

Ubongo ukaona kuti magazi akuchepa, timitsempha ting'onoting'ono ta pansi pake timakula ndi kuchuluka kuti tilambalale pamene patsekekapo. Timakhala topyapyala khoma, nchifukwa chake kwa akuluakulu timatha kuphulika.

Kuti madokotala aone zimenezi panafunika kaye njira yojambula mitsempha ya ubongo munthu ali moyo. Anayambitsa ndi Egas Moniz wa ku Portugal mu 1927, kubaya mankhwala ooneka pa X-ray mu mtsempha nkujambula. Mu 1957 madokotala awiri a ku Japan, Takeuchi ndi Shimizu, analemba za wodwala yemwe ma carotid ake onse anali ochepa modabwitsa. Mu 1969 Jiro Suzuki ndi Akira Takaku a ku yunivesite ya Tohoku ku Sendai ndi amene anapereka dzinali, poti pa chithunzi timitsempha tija timaoneka mbuu ngati utsi ukufuka, lomwe ndi tanthauzo la moyamoya mu Chijapani. Anagawanso matendawa m'magawo 6 kuyambira pamene mtsempha wangoyamba kuchepa mpaka pamene watsekekeratu ndipo utsi ujanso wazimiririka.

Amagwira kwambiri misinkhu iwiri, ana a zaka 5 mpaka 10 ndi akuluakulu a m'zaka za m'ma 30 ndi 40, ndipo akazi amachuluka pafupifupi kuwirikiza kawiri kuposa amuna. Kusowa kwake, kafukufuku wa dziko lonse la Japan m'zaka za m'ma 1990 anapeza anthu pafupifupi 3 pa 100,000 aliwonse, kumeneko nkomwe amati ndi ochuluka. Chiwerengero chinakwera pambuyo pake makina ojambula mkati mwa thupi a MRI atafala.

Kulira, kuuzira phala, kupemerera mbaula

Ichi anthu ambiri amachitenga ngati chomwe chayambitsa matenda pomwe chimangowaonetsera poyera. Mmawa wa mu June kuno kukuzizira chifunga chili tolo, mwana wapatsidwa phala lotentha akuuzira fuu fuu mobwerezabwereza, mwadzidzidzi supuni yagwa, dzanja lalefuka, mawu akutuluka ngati lilime lalemera, pakapita mphindi zingapo wabwerera bwinobwino akusewera. Zomwezo zimachitika akalira kwambiri, akamauzira moto wa makala, akamafufumitsa baluni, akamaimba wezulo kapena akathamanga nkumapuma mwa wefuwefu.

Chifukwa chake ndi ichi. Munthu akamapuma mothamanga amataya mpweya wa carbon dioxide wambiri, ndipo mpweya umenewu ukachepa m'magazi mitsempha ya ubongo imadzifinya. Kwa ine ndi inu zimangotha ndi kachizungulire. Kwa mwana amene magazi ake akudutsa kale movutikira kufinyika pang'ono komweko nkokwanira kuti gawo lina la ubongo lisowe magazi kwa kanthawi. Ku Japan madokotala amafunsa za kuuzira zakudya zotentha akamamuona mwana wotere. Phalalo lilibe mlandu, koma chizindikiro chimenechi chisamanyozedwe poti chapita chokha, ndi chenjezo loti sitiroko yeniyeni ikhoza kubwera. Ena amayamba ndi mutu wosatha, kukomoka ngati khunyu, manja kugwedezeka okha, kapena mwana yemwe amakhoza bwino mkalasi nkuyamba kutsalira osadziwika chifukwa.

Gulu loyamba: pamene palibe matenda ena

Madokotala amagawa odwala pawiri, ndipo funso la chomwe chimayambitsa limayankhidwa mosiyana pa gulu lililonse. Gulu loyamba ndi anthu amene ukawayeza zonse supeza vuto lina, ndi mitsempha yokhayo basi. Amenewa ndi omwe amati ali ndi matenda a moyamoya enieni.

Kwa zaka zambiri zinkaonekeratu kuti za kumtundu zilipo. Ku Japan odwala 10 mpaka 15 pa 100 aliwonse amakhala ndi m'bale wina wodwala zomwezo, komanso matendawa achuluka ku Japan, Korea ndi China kuposa kwina kulikonse. Mu 2011 magulu awiri a ofufuza analoza jini imodzi, ndiye kuti kachigawo ka DNA komwe timatengera kwa makolo, yotchedwa RNF213. Kasinthidwe kamodzi ka jini imeneyi, komwe amakalemba R4810K, kamapezeka mwa odwala pafupifupi 8 kapena 9 pa 10 aliwonse ku Japan, chapafupi pomwepo ku Korea, koma ku China ndi ochepa kwambiri, pafupifupi mmodzi pa anayi kapena asanu. Amene watengera kwa bambo ndi mayi omwe amadwala msanga ndipo matenda amakula mwachangu.

Nde munthu unganene kuti basi nkhani yatha, chapezeka. Ayi. Munthu mmodzi kapena awiri pa 100 aliwonse ku Japan ndi ku Korea ali nako kasinthidwe kameneka, amenewo ndi anthu mamiliyoni, koma pafupifupi onse amakalamba osadwala moyamoya. Mbewa za mu labu zomwe anazichotsa jini imeneyi sizipanganso moyamoya pazokha. Ndiye kuti jini imangomuika munthu pa chiopsezo, pamafunika china chachiwiri choti chiyatse. Chachiwiricho nchani? Apa ndi pamene ofufuza sanagwirizane. Ena amaloza chitetezo cha m'thupi chomwe chasokonekera, ena matenda obwera ndi tizilombo, ena mmene magazi amagundira khoma pa malo okhota aja. Mu 2021 kunapezeka kuti puloteni yopangidwa ndi RNF213 imathandiza selo kuzindikira bakiteriya ngati Salmonella akalowa mkati, zomwe zinapatsa mphamvu aja amanena za chitetezo cha m'thupi, koma mpaka pano palibe kachilombo kamodzi komwe kagwidwa kuti ndi aka.

Ndipo kasinthidwe ka R4810K ndi ka anthu a kum'mawa kwa Asia. Azungu odwala moyamoya nthawi zambiri alibe, ena amapezeka ndi masinthidwe ena osowa a jini yomweyo kapena majini ena monga ACTA2. Nde bambo wa ku Chibavi akawerenga kuti moyamoya imabwera ndi RNF213 asathamangire kuloza ku chikazi kapena ku chimuna, kafukufuku ameneyo sanachitikire pa anthu a kuno.

Gulu lachiwiri: pamene pali matenda ena, makamaka sickle cell

Gulu lachiwiri ndi anthu amene mitsempha yawo ikuoneka chimodzimodzi pa chithunzi koma pali vuto lina lodziwika lomwe laibweretsa pamenepo, amati moyamoya syndrome. Kwa ine gawo ili ndi lomwe munthu wa kuno akuyenera kulimvetsa kwambiri, chifukwa pa mndandanda wa mavuto amenewo pali sickle cell, ndipo sickle cell siyosowa kwathu, ku mawodi a ana amaidziwa bwino.

Sickle cell ndi matenda a kumtundu a magazi. Dokotala James Herrick wa ku Chicago anawafotokoza mu 1910 ataona maselo ofiira opindika ngati chikwakwa m'magazi a wophunzira wina wochokera ku Grenada. Mwana amadwala akatengera jini yake kwa makolo onse awiri. Bambo ndi mayi akakhala kuti aliyense ali ndi imodzi, iwowo amakhala bwinobwino osadziwa nkomwe, koma pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi pa inayi woti mwana abadwe ndi matendawa. Chomwe jini imeneyi inachulukira ku Africa ndi malungo. Anthony Allison anasonyeza mu 1954 kuchokera ku ntchito yake ya kum'mawa kwa Africa kuti amene ali ndi jini imodzi amatetezekako ku malungo aakulu, nde m'madera a malungo ambiri anthu otere ankapulumuka nkubereka.

Zikugwirizana bwanji ndi ubongo? M'njira zingapo nthawi imodzi. Maselo opindika aja ndi olimba komanso omata, amakanda khoma la mkati la mtsempha tsiku ndi tsiku. Amasweka msanga, ndipo zomwe zimatayika akasweka zimamwa nitric oxide, kampweya komwe kamathandiza mtsempha kumasuka. Komanso poti mwana amakhala ndi magazi ochepa nthawi zonse, mtima umapopa mothamanga kuti ubongo ukhute, nde magazi amawomba khoma mwamphamvu pa malo ogawikana. Khoma lovulala limayamba kukhuthala chamkati, ndipo malo ake ndi omwe aja, kumapeto kwa carotid. Zaka zikamapita timitsempha ta utsi tija timamera.

Ku America asanayambe kupewa, ana a sickle cell pafupifupi 11 pa 100 aliwonse amadwala sitiroko asanakwane zaka 20. Ndipo mwa amene adwalapo kale, omwe ali ndi timitsempha ta moyamoya ndi amene imawabwerera kwambiri.

Ubwino wa gulu ili ndi woti poti chomwe chikuyambitsa chikudziwika pali pogwira. Pali kamakina kotchedwa transcranial Doppler, amagunditsa kachipangizo m'mbali mwa mutu kutsogolo kwa khutu, sikapweteka sikafuna kubaya, kamayeza liwiro la magazi mu mtsempha. Liwiro likafika masentimita 200 pa sekondi kapena kuposa ndiye kuti njira yachepa, mwana ali pa chiopsezo chachikulu. Kafukufuku wa STOP yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 1998 anapeza kuti kuwaika magazi ana otere pafupipafupi kumachepetsa sitiroko yoyamba ndi pafupifupi 90 peresenti. Koma tonse tikudziwa mmene magazi amasowera m'zipatala za kuno ku Africa, kuika mwana magazi mwezi uliwonse kwa zaka sichinthu chapafupi, nde maso a ofufuza anatembenukira ku mankhwala a hydroxyurea. Kafukufuku wa REACH ku Angola, DRC, Kenya ndi Uganda anasonyeza kuti ana a kuno akhoza kumwa mankhwalawa bwinobwino, ululu, kuikidwa magazi ndi imfa zinachepa, ndipo ku Nigeria anawayesa mwachindunji pa kupewa sitiroko mwa ana omwe Doppler yawo yakwera.

Mavuto ena a mu gulu lomweli ndingowadutsa mwachangu. Down syndrome, ija mwana amabadwa nayo nkumakula mochedwa m'thupi ndi m'nzeru. Neurofibromatosis ya mtundu woyamba, ija munthu amakhala ndi mawanga ofiirira ndi timabulu pakhungu. Kuwotchedwa ndi radiation kumutu pochiza chotupa, makamaka mwana akadali wamng'ono, moyamoya imatha kuonekera patapita zaka. Chithokomiro chogwira ntchito mopitirira, chomwe amati Graves. Komanso matenda oumitsa khosi, makamaka a TB, chifukwa mafinya ake amaunjikana pansi pa ubongo pomwe pali kabwalo ka Willis nkutupitsa mitsempha ya pamenepo. HIV yosalandira mankhwala nayonso imatha kuwononga mitsempha ya ubongo mwa ana ndi achinyamata mpaka kuoneka mofanana.

Sikuti sitiroko iliyonse ya mwana ndi moyamoya

Izi ndinene poyera chifukwa dzina lachilendo likangotchuka aliyense amaliona paliponse. Mwana wa kuno akafa ziwalo mwadzidzidzi madokotala amayamba ndi zomwe zili zofala, malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, sickle cell yomweyo, vuto la mtima lomwe limatumiza magazi oundana kumutu, kapena kuvulala. Moyamoya siidziwika ndi maso kapena ndi magazi a pa chala, imafuna chithunzi cha mitsempha yeniyeniyo, CT kapena MRI yojambula mitsempha, kapena njira ya Moniz ija yomwe mpaka lero ndi yotsimikizira. Makina a MRI ku Queen Elizabeth ku Blantyre anafika mu 2008 kudzera mu kafukufuku wa malungo a mu ubongo, nde mutha kuona nokha kuti mbiri yojambula ubongo m'dziko muno ndi yaifupi bwanji. Kwa banja la ku Mchengautuba, ku Rumphi kapena ku Chitipa ulendo umayambira ku chipatala chapafupi, kenako Mzuzu Central, ndipo akafunika akatswiri a opaleshoni ya mutu ndi nkhani ya Lilongwe kapena Blantyre.

Mankhwala otsegula mtsempha womwe wanyala kulibe. Asipilini amaperekedwa kwa ena kuti magazi asaundane, koma chonde osangomugulira mwana pa golosale, ngati vuto lili la kuphulika kwa mtsempha asipilini amaonjezera moto. Kumwa madzi okwanira nkofunika kwambiri, kutsegula m'mimba kapena kusanza kwa mwana wotere ndi nkhani yothamangira nayo. Chithandizo chachikulu ndi opaleshoni yopatsa ubongo njira ina ya magazi. Amatenga mtsempha wa pakhungu la mutu, uja umagunda kutsogolo kwa khutu, nkuusokera ku nthambi ya pamwamba pa ubongo, kapena kungougoneka pamwamba pa ubongo kuti pakapita miyezi umere mizu yake, njira yachiwiriyi imagwira bwino kwa ana.

Zomwe akatswiri akukanganabe

Loyamba ndi lija la chinthu chachiwiri. Mwa anthu mamiliyoni omwe ali ndi R4810K nchifukwa chani ochepa okha amadwala, ndipo nchifukwa chani m'banja limodzi wina amadwala ali ndi zaka 4, wina 45, wina osadwala nkomwe?

Lina ndi la malo. Jini ili mu selo iliyonse ya thupi, maselo a sickle amayenda thupi lonse, nde bwanji ndi kumapeto kwa carotid kokha komwe kumanyala chonchi? Pali amene amati ndi kapangidwe ka mtsemphawo mwana ali m'mimba, pali amene amati ndi mphamvu ya magazi pa mphambano imeneyo. Chomwe akazi amachulukira sichinamvekenso bwino.

Palinso mkangano wa malire a magulu awiri aja. Ku Asia anthu ena a chithokomiro cha Graves kapena a mitsempha yochepa omwe ankawayesa a mafuta akupezeka kuti nawonso ali ndi kasinthidwe ka RNF213, nde ena akuti mwina ndi matenda amodzi ovala nkhope zingapo, ena akuti ayi kugawa kukhalebe chifukwa chithandizo chimasiyana. Funso lomweli likafika kwathu limakhala lakuti, ana a sickle cell onse ali ndi jini yofanana ya magazi koma si onse amapanga moyamoya, nanga amene amapangawo ali ndi chani chapadera? Komanso ku Africa matendawa ndi osowadi kapena akungobisala pansi pa dzina la khunyu ndi malungo poti zojambulira nzochepa?

Ndipo pa chithandizo, mwana wa sickle cell akapezeka kuti timitsempha ta utsi tamera kale, madokotala ena amati apitirize kuikidwa magazi kapena hydroxyurea basi, ena amati achitidwenso opaleshoni asanadwale sitiroko ina. Malipoti a zipatala zomwe zimachita opaleshoniyi amaonetsa zotsatira zabwino, koma kafukufuku wamkulu woyerekeza njira ziwirizi mwachilungamo sanachitike, nde pakali pano zimatengera dokotala yemwe wamuona mwanayo, mmene chithunzi chikuonekera, ndi zomwe chipatalacho chingakwanitse.